Mwaye pa Kambale ka Silikoni

Enschede, 9 Febuluwale 2004

Okondedwa Mem,

Muli bwanji kumeneko? Zala zija zikukulolani kugwira kapu, kapena kuzizira kwaziumitsanso? Mum'patse moni Hiske. Ndamva kuti madzi adzaza m'ngalande zonse za kumunda, ndiye ng'ombe zikhala m'khola mpaka Epulo ndithu. Mlongo wangayo ayenera kuti akutukwana ndowe kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Kuno ntchito ikuyenda. Pa Khirisimasi munandifunsa chimene ndimachita kwenikweni, ine n'kukuyankhani mwachidule ngati mwana wamwano. Ndiyesenso. Ndimaboola mabowo, Mem, basi. Timatenga kambale ka silikoni, kakang'ono ngati chikhadabo, n'kukaika m'makina amene tawapopa mpweya wonse. Makinawo amalasa kambaleko ndi kamtsinje kowonda kwambiri ka tinthu tamagetsi, ndipo pamene kamtsinjeko kagunda pamakumbika. Mabowo ake ndi aang'ono moti oposa zana limodzi akhoza kundandalikana m'kunenepa kwa tsitsi lanu limodzi. Akakhala m'mizere yolondola, kuwala kukalowa kumatsata njira imene tasiya osaboola, n'kukhota pomwe ife tikufuna, ngati ng'ombe pakati pa mipanda iwiri. Kampani ina ya ku Germany ikufuna timbale timeneti pofika Meyi, akuti aike m'kachipangizo koyezera magazi.

Zonsezi timachitira m'chipinda chopanda fumbi. Tisanalowe timavala ovolosi yoyera, chipewa, chophimba kukamwa, magolovesi, maso okha ali kunja. Azimayi saloledwa kudzola kalikonse kumaso. Ngakhale pensulo ndi yoletsedwa.

Tsopano chimene ndalemberadi. Hiske asaone gawo ili.

Zija za inu zandipeza. Zinayamba m'zigongono mu Novembala, pano zafika kumbuyo kwa manja. Pansi pofiira, pamwamba poyera, ndikakanda zimayoyoka ngati madeya. Ndikavula juzi pansi pamachita mbuu. Sabata yatha ndinachita chopusa, ndinatola kakhungu kamodzi n'kukayang'ana pa maikulosikopu.  Kali ngati chikopa cha nkhosa yakufa chimene chagonera m'ngalande mwezi wathunthu, m'mphepete mopindika, ming'alu paliponse. Kamodzi kokhako kangakwirire mabowo anga masauzande. Ndipo ine ndikuyenda ndi zimenezi m'chipinda chimene fumbi timaliwerenga limodzilimodzi.

Kwa dokotala wa pakampani sindingapite. Munthu wa khungu loyoyoka amam'chotsa m'chipindamo n'kumupatsa desiki. Kontirakiti yanga ikutha mu Juni, ndipo a Ten Brinke, bwana wathu, anena kuti ntchito ya ku Germany ikatheka andilemba mpaka kalekale. Nditumizireni chitini cha mafuta anu aja, opaka mabere a ng'ombe amene mumasakaniza ndi phula. Mukulunge bwino, fungo lake mukulidziwa.

Mwana wanu,
Auke


Tzum, 13 Febuluwale 2004

Auke mwana wanga,

Kalata yako yafika dzulo. Ine ndili bwino, zala ndi momwemo. Ndikulemba ndekha pang'onopang'ono, usadabwe kuona zilembo zikuvina.

Chitini ndatumiza lero. Uzipaka pang'ono pokagona, m'mawa usambe ndi sopo mpaka kuchoka. Koma mafuta amenewa ndi a ine, mayi wokama ng'ombe amene anatopa ndi madokotala iwe usanabadwe. Iwe pita kwa dokotala wa m'dera lako, ngati ukuopa wa pakampani. Masiku ano ali ndi nyale zawo ndi mankhwala abwino.

Kalata yakoyo ndakhala nayo pamiyendo nthawi yaitali. Poyamba ndinalira kuti ndakusiyira cholowa choipa. Kenako, undikhululukire, mtima unapepuka pang'ono. Pa Khirisimasi unalowa osandipsompsona, unangondigwira paphewa, unakhala kutali manja ali m'thumba, mawa lake m'mawa wapita. Ndinati basi, mwana wanga waphunzira kwambiri za fumbi, tsopano amayi ake akumunyansa. Ndinauza ngakhale Hiske. Kani unkabisa manja ako!

Koma mawu ako ena sindinawakonde. Chikopa cha nkhosa yakufa! Khungu limenelo ndakhala nalo zaka zoposa makumi asanu, ndipo ndi lomwe linkakusambitsa. Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri aphunzitsi anandikhazika pa benchi yandekha kumbuyo, ati ndine wauve, kwathu sitisamba. Ndinkasamba kawiri pa tsiku ndi madzi ozizira a pampope wa panja mpaka magazi kutuluka. Wogulitsa buledi ankaika chenji patebulo kuopa kukhudza dzanja langa. Atate ako okha, tsiku loyamba kuvina nane, anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Iwe, dzanja lako likukhakhala ngati lilime la mwana wa ng'ombe," ndipo sanalisiye mpaka nyimbo zonse kutha. Munthu uja kuyamikira mkazi sankadziwa, koma ndinam'kwatiwa chifukwa cha mawu amenewo.

Ng'ombe nambala 41 yabereka mapasa, onse amphongo, Hiske wakwiya ngati yachitira dala. Denga la kukhitchini ladonthanso pamalo pomwe paja. Uzidya zotentha, osati buledi yekhayekha.

Mayi ako,
Tjitske


Enschede, 22 Malichi 2004

Okondedwa Mem,

Pepani kuchedwa kuyankha. Ndikhulupirira muli bwino nonse ndi mapasa a Hiske. Mafuta anathandiza, kuyabwa kunachepa, zikomo.

Kuno zinthu zinasokonekera. Kuyambira kumapeto kwa Febuluwale chilichonse chimene taboola chikutuluka ndi mwaye. Tikayang'ana m'makina, m'mbali mwa mabowo mwamata zakudazakuda, mabowo ena atsekeka kumene, kuwala kukalowa kumafera panjira. Timbale makumi atatu tataya. A Ten Brinke akuti ndi mafuta. Kadontho kosaoneka ndi maso kakalowa m'makina opanda mpweya kamasanduka nthunzi, kamtsinje kaja kakaiwotcha nthunziyo imamatirira ngati zopserera pansi pa poto. Tinamasula pampu, tinasintha mapaipi, tinatsuka zonse. Masiku awiri bwinobwino, lachitatu mwaye uja wabwerera.

Lachisanu tinakhala pa tebulo la khofi tonse asanu ndi atatu. Anayambitsa ndi Marnix, mnzanga wa pamakina.

"Tisazungulire, anthu inu. Ndani pano amanunkha mafuta okazingira m'mawa uliwonse?"

Aliyense anadziwa kuti akunena Nurten, mayi wa ku Turkey amene amakolopa chipinda chathu. Kampani yokolopa inam'tumiza kuno zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Lachisanu lililonse amatibweretsera timikate ta tchizi tophika kunyumba kwake, tonona mpaka pepala kuonekera. Marnix anali atadya tiwiri m'mawa womwewo.

Anamuitana, anaima pakhomo ndi kangolo kake.

"Mayi Nurten, mumasamba m'manja musanavale magolovesi?" anafunsa a Ten Brinke.

Iye anati, "Bwana, ndinayamba kusamba m'manja m'nyumba muno inu musanakhale bwana."

Marnix anaseka. "Komatu sopo wa pakhomo paja sakutha, mayi."

A Ten Brinke anatembenukira kwa ine, poti ndine ndimalowa m'mawa iye akangomaliza. Ndinanena zoona zokhazokha, kuti nthawi zina ndikalowa ndimamva kafungo. Sindinanene kuti n'ka iye. Nurten anandiyang'ana nthawi yaitali ngati munthu wodikira basi, kenako anakankha kangolo kake n'kupita.

Kuyambira lero atibweretsera wina. Zandinyansa, Mem, kuona ntchito ya miyezi ikuwonongeka chifukwa cha uve wa munthu mmodzi. Anthu samvetsa kuti pa ntchito yathuyi chala chimodzi chonona chili ngati ndowa ya ndowe m'thanki ya mkaka.

Musatumizenso chitini china, ichi chikwana.

Mwana wanu,
Auke


Tzum, 27 Malichi 2004

Auke,

Moni mwana wanga, tonse tili bwino. Kalata yako ndaiwerenga kawiri.

Ine za makina sindidziwa, ndingofunsa funso limodzi. Mafuta ndinakutumizira aja unkapaka pokagona pokha monga ndinanenera? Chifukwa chitini ndinatumiza pa 13 Febuluwale, iwe ukuti mwaye unayamba kumapeto kwa mwezi womwewo, ndipo abwana ako akuti ndi mafuta. Mwina ndikulankhula zopusa za nkhalamba. Undiyankhe msanga kuti mtima ukhale pansi.

Nanga mayi ujayo apita kuti? Ali ndi ana?

Mayi ako


Tzum, 19 Epulo 2004

Iwe Auke,

Moni sindikupatsa wambiri, ng'ombe makumi asanu ndi limodzi zikundidikira. Masabata atatu tsopano Mem akutsika ndi ndodo kupita ku bokosi la makalata m'mawa uliwonse, n'kubwerako ndi zotsatsa malonda. Foni ukaona nambala yathu sukuyankha. Dzulo ndawapeza atayala makalata ako patebulo ngati akukonzekera ulaliki, ndiye ndawerenga onse, ndi gawo lija la "Hiske asaone" lomwe.

Khungu lako silikundiopsa ine, ndakula ndikuwapaka Mem kumsana. Ukanandiuza ndikanakuseka tsiku limodzi n'kukuperekeza kwa dokotala. Chimene chandichititsa nseru ndi kalata yachiwiri ija.

Mem amakuopa poti ndiwe wophunzira, n'chifukwa chake akufunsa mwaulemu. Ine ndinkakupukuta mamina, ndiye sindifunsa, ndikuuza. Unkapaka masana, pansi pa magolovesi, chifukwa kunkayabwa. Ndikukudziwa iwe, udzudzu ukakuluma nyumba yonse imamva. Lamulo loti musadzole kalikonse unalilemba wekha m'kalata yoyamba, ndi dzanja lako.

Ndiye ukutenga thanki ya mkaka kuchitira fanizo, iwe amene unakama komaliza uli ndi zaka khumi ndi zinayi! Mkaka wanga ukapezeka ndi mankhwala ndimayamba ndadzifunsa kuti ndinabaya ng'ombe iti ndi liti. Sindithamangira kuloza woyendetsa lole.

"Kafungo." Asa! Munthu wa madigiri awiri kusankha mawu ngati loya. Sunanene kuti n'ka iye, eya, unangowapatsa chingwe kuti amange okha. Ndipo timikate take wadya zaka zinayi.

Mem akukwanitsa zaka 65 pa 16 Meyi. Atsibweni akubwera, azakhali a ku Harlingen akubwera. Akuti ndikufunse ngati ubwera. Ine ndikuti yamba wayankha funso lawo.

Hiske


Enschede, 24 Epulo 2004

Mem ndi Hiske,

Moni nonse. Mukufuna yankho, nali.

Inde, ndinkapaka masana. Ndinkavala magolovesi awiri pamwamba, ndinkati sizingadutse. Koma pamkono, pamene golovesi imakumana ndi dzanja la ovolosi, pankatulukira.

Pali chinanso chimene ngakhale Hiske wanzeruyo sanalote. Ndinadziwa msonkhano uja usanachitike. Lachiwiri la sabata imeneyo, ena atatuluka kukadya nkhomaliro, ndinatenga kambale koyera, ndinakakhudza ndi kansalu kamene ndinapukutira pamkono, n'kukaika m'makina. Mphindi khumi zokha, mwaye womwewo ndendende. Kambaleko ndinakabisa m'thumba, popita kunyumba ndinakaponya m'ngalande. Mafuta ndinasiya tsiku lomwelo. Koma makina amatenga masiku kuti ayere, ndipo anayera sabata imene Nurten anachoka. Mukuona mmene zinakhalira? Palibe amene anakayika. Marnix anagula keke. A Ten Brinke analemba lipoti ku Germany kuti gwero lapezeka ndipo lachotsedwa. Timbale tikutuluka tokongola kuposa kale, mabowo osalala, kuwala kukukhota ngati kwalamulidwa. Lachinayi anandiitana, kontirakiti ya mpaka kalekale yakonzedwa, ndisaine pofika Juni.

Nurten sanachotsedwe ntchito, musakokomeze. Kampani yake yangom'landa chiphaso cholowera m'zipinda zopanda fumbi n'kumutumiza ku siteshoni ya sitima. Kukolopa ndi kukolopa.

Hiske, kulalikira n'kosavuta uli ndi famu ya malemu Atate m'manja. Ine ndilibe china koma makina amenewa. Zaka zisanu ndi zinayi ndinaphunzira kuti ndikhale pampando umenewo, ndipo m'dziko muno anthu odziwa kuwayendetsa bwino ngati ine sadzaza basi imodzi. Khungu limeneli ndinapempha kwa ndani? Anandipatsa ndani, chitini anatumiza ndani? M'mawa uliwonse ndimakutumula nsalu za pabedi n'kumadziona ndekha ndikugwa pansi ngati ufa. Popanda mafuta aja manja ang'ambika, magolovesi ndimavula ali ndi magazi. Ndikunyansidwa kale ndi ine mwini mokwanira, thandizo lanu sindikulisowa.

Pa 16 Meyi ndibwera ngati mukundifuna.

Auke


Tzum, 3 Meyi 2004

Auke,

Moni ndikupatsa chifukwa ndinakubala. Ndikulemba ndekha, Hiske anafuna kundilembera koma ndamukaniza.

Lachisanu ndinali ku Enschede. Ndinasintha sitima kawiri ndi ndodo yangayi. Kwa iwe sindinabwere. Nditatsika ndinapita kuzimbudzi za pasiteshoni n'kufunsa ngati pali mayi dzina lake Nurten. Ndinam'peza atagwada, akutola ndi mapepala zimene mwamuna wina anasiya pansi pambali pa chimbudzi. Ine ndakalambira m'khola, koma fungo lake linandibweza m'mbuyo. Kukolopa ndi kukolopa, unatero.

Ndinati, "Ndine mayi wa Auke Tolsma."

Anayang'ana nkhope yanga, kenako manja anga, n'kunena kuti, "Ndaona kale."

Anapempha mphindi khumi ndi zisanu kwa mnzake, anasamba m'manja mpaka m'zigongono, tinakakhala pa benchi. Anandithirira tiyi wa m'fulasiki yake m'chivindikiro. Ndinali nditakonza mawu m'sitima monse, koma sanandilole kumaliza.

"Mayi, mwavutikiranji ulendo wonsewu? Ine ndinadziwa mu Febuluwale. Bini ya magolovesi amakhuthula ndani? Magolovesi a mwana wanu ankatuluka onona m'kati, akununkha phula. Maovolosi amapakira ndani popita kochapa? M'manja mwa ovolosi yake munkakhala mbuu."

Ndinati, "Nanga bwanji simunanene tsiku lija?"

Anati, "Malemu bambo anga anali nalo khungu lomweli. Ku fakitale ya nsalu mumzinda muno ankadya nkhomaliro okha panja, zaka makumi awiri, mvula kaya chipale chofewa. Ndiye ine ndiime pamaso pa anthu asanu ndi atatu n'kuloza mikono ya mwana wa eni? Ndinati anena yekha. Uyu ndi munthu amene amandigwirira chitseko, amandifunsa za mwana wanga wa ku koleji. Ndinam'patsa mpata, mayi. Ndinaima pakhomo paja ndikuwerenga chamumtima mpaka makumi atatu."

Kenako anaseka, kuseka kouma. "Zaka khumi ndi chimodzi fumbi la m'chipinda chija silinapyolepo muyezo. Ndinkanyadira ngati chitsiru. Azibale anga kwathu ku Kayseri ndinkawauza kuti ndimagwira ntchito ya kuwala. Pano ndiwauze chiyani?"

 Ndinamwa tiyi wake n'kumuthokoza. Nthawi itakwana anavala magolovesi ake a mphira n'kubwerera m'kati.

Auke, anthu anyansidwa nane moyo wanga wonse, nkhope imene munthu amapanga ndimaidziwa bwino. Sindinkadziwa kuti tsiku lina ndidzaipanga ine chifukwa cha mwana wanga. Pobwerera ndinaiona pa galasi la zenera la sitima, sinachoke mpaka ku Zwolle. Khungu ndinakupatsa ndine, chitini ndinatumiza ndine, zimenezo ndavomera. Koma kuima pagulu n'kulola mayi wosalakwa atchedwe wauve, iwe mwana wa Tjitske wa pa benchi ya kumbuyo, zimenezo unakazitola wekha.

Adiresi yake ndalemba kuseri kwa pepalali, wandilola. Chochita sindikuuza, ndiwe wamkulu. Pa 16 usabwere. Alendo adzakufunsa za ntchito, iwe udzayankha bwino, ine ndidzalephera kumeza.

Mayi ako


Enschede, 7 Juni 2004

Okondedwa Mem,

Muli bwanji? Hiske ali bwanji? Mwezi wadutsa osalemba. Ndinafuna ndilembe zinthu zitachitika, malonjezo mukanawaponya m'mbaula.

Kalata yanu ndinakhala nayo sabata yathunthu ndili wokwiya. Ndinkati ndani anawatuma, akudzionetsa chiyero. Tsiku lina pochokera kuntchito ndinadutsa pasiteshoni, ndinaima patali ndi chitseko cha zimbudzi, ndinamuona akutulutsa ndowa. Sindinayandikire. Mawa lake, pa 13 Meyi, ndinalowa mu ofesi ya a Ten Brinke n'kunena zonse.

Ndinkayembekeza kukalipiridwa. Iwo anatseka chitseko n'kulankhula motsitsa.

"Auke, lipoti linapita kale, a ku Germany akhutira, timbale tikutuluka bwino. Pita kwa dokotala mwakachetechete, uzivala magolovesi aatali. Mayi uja ali pa ntchito, palibe wafa. Ukufuna ndiwalembere kuti tinanama?"

Anandikankhira kontirakiti ndi cholembera. Sindinasaine, Mem, chifukwa anali mawu anga enieni akutuluka m'kamwa mwa munthu wina, ndipo ankanunkha.

Ndinalemba makalata ndekha, ina kwa a ku Germany, ina ku kampani yokolopa. Kuyesa kuja ndinakubwereza pamaso pa Marnix, pa makina akale amene sitigwiritsanso ntchito, n'kutumiza zithunzi zake. A Ten Brinke sanandilankhule sabata ziwiri. Kontirakiti ija inabwerera m'dilowa. Andipatsa chaka chimodzi pa desiki, kujambula mizere ya mabowo pa kompyuta kuti ena akaboole. M'chipinda chija sindilowanso mpaka dokotala atavomera, ndipo mwina sadzavomera. Ndimaona Marnix kudzera pa galasi akuyendetsa makina anga ngati akuyendetsa thirakitala. Kuchipatala ndikupita katatu pa sabata kukaima m'kabokosi ka nyale, zigongono zayamba kuphwa.

Kwa Nurten ndinapita. Sanandilowetse. Anamvetsera ali pakhomo, atapinda manja, mpaka ndinamaliza.

"Pakhomo panga pano palibe amene ananditcha wauve," anatero. "Kanenere pamene unanenera."

Chiphaso anam'bwezera sabata yatha, ndipo Lachisanu anabwera. Anthu onse anali pa tebulo la khofi. Ndinaimirira, ndinapinda manja a shati kupyola zigongono, n'kuika mikono patebulo. Ndinanena za mafuta, za kambale kamene ndinaponya m'ngalande, za tsiku limene ndinadziwa. Mawu amene ndinayankha tsiku lija ndinawabwereza ndekha. Marijke wa ku ofesi anakokera mpando wake m'mbuyo, mwina osadziwa kuti akutero. Marnix anati, "Mayi Nurten, nanenso pakamwa pangapa..."

Iye anam'dula. "Iwe dikira, nthawi yako ikubwera."

Ndinati, "Mayi Nurten, ndikhululukireni."

 Ankayang'ana pamene ndinachotsa mikono. Pa thabwa lakuda lija panali mbuu, tizikhungu tanga, aliyense akuona. Anatenga kansalu pa kangolo kake n'kundiponyera.

Ndinayamba kupukuta mozunguliza.

"Ayi! Zaka zinayi ukundiona, sunaphunzire kalikonse? Pamenepo ukungomwaza. Mbali imodzi, kuchokera kutali kubwera kwa iwe. Pinda nsaluyo. Mzere wina, ukwere pang'ono pa woyambawo. Pindanso."

Ndinapukuta tebulo lonse, a Ten Brinke atanyamula kapu yawo m'mwamba kuti ndidutse. Nditamaliza Nurten anawerama, anayang'ana thabwalo chopingasa ndi kuwala kwa pawindo, n'kuloza pakona.

"Apa."

Ndinabwereza.

Sananene kuti wandikhululukira, ndipo sindinafunsenso. Inunso sindikufunsani. Ndingokudziwitsani kuti Loweruka likudzali ndidzatsika sitima ya 11 koloko ku Franeker. Ndikapanda kuona galimoto ya Hiske panja ndidzamva, ndidzakwera yobwerera.

Mwana wanu,
Auke